Chifukwa Chake Sitinakhale ku Kabwata

Ine Lazalo Sakala, atate anu, ndakhala pansi pa mtengo wa mapeyala pano pa Chelstone, kuseli kwa nyumba ya Esinati, ndi kope ndi pensulo. Sukulu ndinalekeza Sitandade 3, aliyense akudziwa, ndipo pensulo imandilemela kupambana chikwanje. Koma nkhani iyi sindingaipeleke kwa munthu wina kuti andilembele, angaikongoletse. Za ubwana wanga ku Katete musayembekeze, kunali mbuzi ndi matekenya basi. Ndikulemba chifukwa inu nonse anayi munkaona amayi anu, a Nabanda, akuloza nyumba ina pa zenela la basi tikamadutsa ku Kabwata, nkumati, "Yathu ija." Mukawafunsa ankangoti funsani atate anu. Mukafunsa ine, ndinkakalipa. Lelo sindikalipa, ndiyankha. Koma ndiyambila kutali, chifukwa yankho lake lili m'mitengo.

Nazale ya ku Lusaka, m'zaka za m'ma 1970

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndi pakamwa. Tinaima pa mzele amuna ambili pa chipata cha nazale ya mitengo kum'mawa kwa tauni, kupitilila Woodlands, kumene lelo kuli mipanda ya njelwa ndi agalu akuluakulu. Nthawi imeneyo kunali tchile lenileni, nkhanga zikudutsa pamsewu. Kapitao wake anali a Lungu, mdala wamfupi wa ku Petauke, wosaseka. Tili chiimilile, ng'ombe za munthu wina zinalowa m'mabedi a mbande kutsidya kwa dambo, ndipo ine osaganiza ndinakuwa. Ng'ombe zinatembenuka, mwini wake anatuluka m'tchile akuthamanga. A Lungu anandiyang'ana nati, "Iwe wa pakamwa ngati belu la tchalitchi, dzina ndani?" Ndinawauza. "Kulemba umadziwa?" Ndinati dzina langa lokha ndi manambala, pakuti zinazi ndinachita kuzolowela pambuyo pake, ndili pa ntchito. Iwo anati, "Mitengo siwelenga. Mawa ubwele ndi khasu."

Ndinayamba ndi kuthila dothi m'timapepala takuda, kuthilila mbande za paini ndi bulugamu m'mawa ndi madzulo, kuzula udzu ndi zala. A Lungu anandiphunzitsa kufumbata dothi ndi kulinunkhiza. Ankati lofiila ngati la ku Chisamba ndi la chimanga, lakuda la m'dambo ndi la ndiwo ndi ng'ombe, ndipo la miyala limene aliyense amalinyoza ndilo lathu ife a mitengo. M'chaka chachitatu ndinakwatila amayi anu. Tinkakhala m'chipinda chimodzi, kuphika panja, madzi kukatunga kwa eni ake. Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi tinkayenda wapansi kudutsa ku Kabwata, kumene ofesi yathu inali ndi nyumba zingapo za makapitao akuluakulu. Ina inali pakona, ya chitseko chobiliwila, mpope pakhomo penipeni, ndi mtengo wa mandimu. Amayi anu anaima nati, "A Sakala, ija." Ine ndi pakamwa pangapa ndinati, "Ndidzakulowetsani m'menemo, makiyi ali m'manja mwanu!" Ndinalankhula mokweza mpaka mayi wa m'nyumbamo anasuzumila pa zenela, ife nkuthawa tikuseka ngati ana.

Ku migodi, ku Sesheke, ku Samfya

Atandiveka yunifomu ya mlonda wa nkhalango, maulendo anayamba. Adzukulu anga amaphunzila dziko lino pa mapu opaka utoto, apa chimanga, apa nsomba, apa matabwa. Ine ndinaliphunzila ndi mapazi ndi malungo. Ku migodi kunali paini wobzalidwa pa mizele ngati asilikali, ndipo m'kati mwake munalibe mbalame, zii ngati m'chipatala. Esinati anabadwila kumeneko. Ku Sesheke ndinapeza mchenga wolowa mpaka m'akakolo, njinga umaisenza iwe m'malo moti ikusenze, koma pa mchenga womwewo pamamela mukusi, mtengo wolimba woti msomali umapindika. Anthu a kumeneko chuma chawo ndi ng'ombe ndi mtsinje, ndipo madzi akasefukila amasamukila kumtunda ndi ziweto zawo osadandaula, monga mmene ife timapitila kumunda. Amayi anu anayesa kubzala chimanga cha kwathu pa mchengawo. Chinangofika m'mawondo nkuchita ngayaye. Anachiyang'ana, nakapempha mbewu ya chinangwa kwa aneba, ndipo za chimanga sanatchulenso mpaka tinachoka.

Ku Samfya ndiye kwa nsomba. Munthu wa kumeneko ukamupatsa khasu amaligwila ngati wagwila njoka, koma muike m'bwato, amaimilila mphepo ikuomba ngati ali pakhonde pake. Tsiku lina ndinapeza msodzi wina, ba Chola, amene ndinkagulako nsomba, atagwetsa mlombwa m'nkhalango yoletsedwa akusema bwato. Ndinakuwa mpaka mbalame zinauluka. Iye sanadzidzimuke nkomwe, anangoika kasemasema pansi nandipatsa moni wa kwawo, nati, "Mwashibukeni, ba Sakala. Nsomba ija ya dzana inali bwanji?"

Ndinati, "Inali bwino, koma mtengo uwu ndi wa boma."

Iye anati, "Nanga mumayesa ndinaigwila nditaimilila pamadzi? Bwato ndi mtengo, nkhafi ndi mtengo, nkhuni zowambila ndi mtengo. Inu mukamadya nsomba yanga mumadya nkhalango yanu yomwe, mukwai."

Kasemasemayo ndinamulanda ndithu, lamulo ndi lamulo, ndipo ndinamupelekeza ku ofesi kukatenga chilolezo, kenako nkumubwezela. Koma mawu ake ndinapita nawo kunyumba. Kuyambila tsiku limenelo ndinasiya kuona mitengo yokha. Ndinayamba kuona amene amadyela pa mtengowo.

Serenje, m'zaka za m'ma 1980

Ku Serenje tinafika nthawi ya kusowa. Inu akulu awili mukukumbuka mizele ya sopo ndi mafuta ophikila, amayi anu kuima kuyambila m'mawa nkubwelako ndi kandulo. Ku ntchito kunalibe majombo, ndinkasoka anga ndi waya, ndipo lole ya ofesi inkakhala masabata itangoima pansi pa mtengo, nkhuku zikuikila mazila pansi pake. Nkhalango imene anandipatsa inali ya mitondo, yaikulu yoti kuizungulila pa njinga ndi masiku awili. Anthu a kumeneko amalima mwa njila yawo: mwamuna amakwela mumtengo nkusadza nthambi, akazi amaziunjika pamodzi, zikauma amatentha nkufesa mawele paphulusapo. Ine wa ku Katete ndinaseka poyamba, ndinati uku nkulima kapena nkusewela? Nditafumbata dothi lawo ndinaleka kuseka. Ndi lotopa, lowawasa, lopanda phulusa silibeleka.

Koma chuma chenicheni cha akazi a kumeneko chinali vinkubala, mbozi zodyedwa zija zimene kwathu timati matondo, zomwe inu mumagula pa mbale ku msika. Amene ananditsegula maso anali bana Mwape, mayi wamasiye wa ana asanu, wamtali, wosaopa yunifomu. Chaka changa choyamba anandikoka dzanja nakanditembenuzila tsamba la mtondo. Kunsi kwake kunali timazila toyela tondandalikana ngati mikanda. Anati, "Ba kapitao, izi ndizo mabulangete a ana anga." Ine sindinali kapitao, koma sindinamukonze.

Tsopano mumve bwino za moto, chifukwa apa ndipo pagona nkhani. Nkhalango ya mitondo timaitentha dala chaka chili chonse, koma mu Juni, udzu ukadali ndi chinyezi. Moto wa nthawi imeneyo umayenda chokwawa, umangonyambita pansi, mwana akhoza kuulumpha. Ukatelo watsuka nkhalango, ndipo moto woopsa wa m'chilimwe ulibe chakudya. Pofika Sepitembala mitondo imaphuka masamba atsopano ofiila, phili lonse psuu, agulugufe akuluakulu nkubwela kudzaikila mazila. Mvula yoyamba ikagwa vinkubala vimakula, akuluakulu a m'midzi akalola akazi amalowa ndi mabeseni, amafinya, amaphika, amayanika, ndipo ogula amachokela ku Lusaka ndi ku migodi komwe. Koma ukayatsa mochedwa, udzu utauma gwa, moto umakwela mpaka kunsonga. Masamba, mazila, mbande, njuchi, zonse phulusa. Izi sindinaziwelenge m'buku. Ndinaziona.

Chaka chimene iwe Yosefe unayamba sukulu

M'mwezi wa Meyi kunabwela kalata ya chizungu yochokela ku Lusaka. Anandiwelengela ndi amayi anu, pakuti iwo anafika Sitandade 6. Inati chaka chikatha ndidzakwezedwa kukhala kapitao wamkulu nkubwelela ku Lusaka, bola bwana wa pa Serenje asaine kuti ntchito yanga ili bwino. Mnzanga wina wa ku nazale anatumizanso uthenga kuti amene ankakhala m'nyumba ya pakona ija akupuma ntchito. Amayi anu anawelenga kalatayo katatu. M'mawa mwake anatulutsa nsalu yobiliwila imene anaisunga m'sutukesi kuyambila ku migodi, nayamba kusoka makatani ndi manja. Ndinati, "Mazenela ake munawayeza liti?" Anati, "Ndakhala ndikuwayeza ndi maso zaka zonsezi, inu mukuyang'ana mitengo."

Juni anafika, dizilo sanabwele. Popanda lole sitikanatha kutenga anthu aganyu okwanila kuyang'anila moto, ndiye ine ndi alonda anzanga atatu tinatentha kachigawo kakumsewu kokha, wapansi. Julayi anapita. Ogasiti mphepo inayamba, ndipo ndinati basi, chaka chino tingolonda, Mulungu atithandize. Nthawi yomweyo anatitumizila bwana watsopano, ba Musonda, wongochoka ku koleji, wobadwila ku Kabulonga, nsapato zowala. Sanali munthu woipa, ndikulemba kuti mudziwe. Ankandipatsa moni ndi manja awili. Koma ankaopa pepala kupambana moto.

Kumapeto kwa Sepitembala kunamveka kuti akuluakulu akubwela kudzayendela. Ba Musonda anandiitana m'mawa, naika bokosi la machesi pa tebulo.

"Muli shani, ba Sakala? Mailo m'mawa mutenge banthu banu, muyatse nkhalango yonse yamene inasala."

Ndinati, "Mwezi uno, bwana?"

"Fomu ifuna nilembe kuti chaka chino tinatentha. Siikamba mwezi."

Ndinati, "Fomu siikamba, koma mtengo ukamba. Tiyeni mukaone."

Ndipo anapita nane, nsapato zowala zomwezo. Ndinamutembenuzila tsamba monga anandichitila bana Mwape. Ndinathyola udzu, unalila thyo ngati fupa la nkhuku. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Naona, ba Sakala. Koma bakulu bakabwela sibazayang'ana pansi pa masamba, bazayang'ana pa pepala. Bakapeza pepala ilibe kanthu, ndine nizafunsiwa. Na imwe musaibale, pepala yanu ili pa tebulo yanga." Anandiika machesi aja m'thumba la malaya ndi dzanja lake, nati tionana m'mawa.

Masana ndinafika kunyumba. Amayi anu anali pamphasa pakhonde akupinda m'mphepete mwa katani lomaliza, singano ili pakamwa. Anandifunsa ngati ku ntchito kuli bwino. Ine, Lazalo Sakala, amene ndikayetsemula aneba amayankha, ndinati kuli bwino. Ndinamwa madzi nkutenga njinga. Ndinapita kunkhalango ndekha, ndipo pa mlatho wa mitengo ndinakumana ndi bana Mwape ndi akazi ena akuchokela kotola nkhuni. Nkhani inali itawafika kale. Sanandikalipile, sanandigwadile. Bana Mwape anangotula mtolo nati, "Ba kapitao, tamva kuti mawa muyatsa. Mutiuze mbali imene muyambile, amuna akatsitse ming'oma ya njuchi. Zinazo sitingathe kutsitsa." Anasenza mtolo wake napita. Ndinakhala pa mlathopo mpaka dzuwa linapendeka, phili lonse lili psuu patsogolo panga, machesi akundilasa pachifuwa.

M'mawa alonda anzanga anali atasonkhana pabwalo la ofesi ndi nthambi zozimila moto. Ba Musonda anatuluka. Ine ndinatulutsa machesi nkuwaika pa sitepe, pafupi ndi nsapato zake. Ndinkafuna kulankhula pang'onopang'ono, koma pakamwa panga simupadziwa kodi? Ndinati, "Bwana, ine Lazalo Sakala sindiyatsa! Lembani zoona, kuti dizilo sanabwele mu Juni. Mukafuna msewu wotchinga moto ndilambula ndi manja angawa mpaka atuluke magazi, koma machesi awa ayatse wina!" Ogulitsa tomato kumsewu anaimilila. Kalaliki anatulutsa mutu pa zenela. Anzanga atatu aja anayang'anana, mmodzi anaponya nthambi yake pansi, enawo nkutsatila. Ba Musonda anatola machesi, nati motsitsa, "Mwanichititsa manyazi pa banthu, ba Sakala." Analowa, natseka chitseko. Tsiku lomwelo analemba pa faelo yanga kuti ndine wosamvela.

Pofika kunyumba ndinapeza amayi anu atakhala pa mpando, manja pamiyendo. Ndinati, "Mwamva?"

Anati, "Serenje yonse yamva. Ine ndamvela kuchitsime, kwa mkazi wa kalaliki. Dzulo ndinakufunsani, munati kuli bwino."

Ndinati, "Nanga ndikanakuuzani, mukanati chiyani?"

Anandiyang'ana nati, "Simudzadziwa, a Sakala, chifukwa simunafunse."

Anatenga makatani onse anayi, anawapinda bwinobwino, nawaika pansi penipeni pa sutukesi. Sanalile, sanatukwane. Ndikanakonda akanatukwana.

Zimene zinatsatila

Masabata awili ine, anzanga aja, bana Mwape ndi akazi a midzi itatu tinalambula msewu wotchinga moto mbali yonse ya kumene kumachokela mphepo. Palibe amene anawaitana, anabwela okha ndi makasu awo. Moto wa osaka mbewa unabuka kawili, kawili konse unafela pa msewu wathuwo. Mvula itagwa, vinkubala vinachuluka moti ukaima m'nkhalango umamva zitosi zake zikugwa pa masamba ngati mvula yowaza. Bana Mwape anabwela ndi beseni lodzaza nalitula pamapazi a amayi anu, osati anga. Amayi anu anathokoza, anakazinga ndi tomato ndi anyezi, tonse tinadya. Anati zakoma. Za nyumba sanatchule.

Ukapitao anapatsa munthu wina, ndi nyumba yomwe. Ine ndinakhala mlonda mpaka tsiku lopuma, m'zaka za m'ma 1990, ndipo tinabwelela ku Lusaka kukakhala m'zipinda ziwili zija za ku Chunga zimene mukuzidziwa, za timazenela ngati maso a nkhumba. Ba Musonda ndinakumana nawo kamodzi ku Longacres ndikuyendela mapepala a penshoni, imvi zili mbuu. Anandizindikila ndi mawu ndisanatembenuke. Anandigwila dzanja nthawi yaitali, nandilowetsa okha kwa amene ndinkamufuna. Za Serenje sitinakambe. Nkhalango ija ndikumva kuti yatha ndi makala, ndipo ndikaona malole a matumba akuda akulowa mu Lusaka kuchokela kumpoto ndimayang'ana kumbali. Mwina ena mwa makala amene mumaphikila magetsi akazima ndi mitondo yanga. Sindikukuimbani mlandu, mwana ayenela kudya. Koma ana a bana Mwape anafunda mabulangete chaka chimenecho, ndi zaka zina zambili pambuyo pake, ndipo zimenezo palibe angazifafanize pa faelo ili yonse.

Amayi anu anakhala nane zaka zonse, anandisamala, ankaseka nthabwala zanga ngakhale zobweleza. Koma basi ikafika pa Kabwata ankaloza, inu mukumva, ine ndikuyang'ana kutsogolo ngati dalaivala ndine. Atamwalila, iwe Esinati unatsegula sutukesi ija nkupeza makatani anayi osapachikidwapo, ndipo utandifunsa ndinakukalipila pamaso pa azakhali ako. Undikhululukile mwanawe. Yankho ndi ili ndalembali.

Moto uja ndikanaukananso lelo, ndipo ndikanakuwa chimodzimodzi. Chimene ndinalakwa ndi cha pakhonde paja, pamene amayi anu anandifunsa singano ili pakamwa. Nyumbayo sinali yanga ndekha kuti ndiitaye ndekha. Mwina akanati yatsani. Mwina akanati musayatse, ndipo tikanaitaya tili awili, nkumadutsa pa Kabwata tikuseka monga kale. Ndakhala ndikuwafunsa mumtima chiyambile kuwaika m'manda, koma anandiuzilatu kuti sindidzadziwa.

Makatani aja ndawapachika m'chipinda changa kuno kwa Esinati. Anasokela mazenela a ku Kabwata, ndiye pano ndi aatali, amakwekweleza pansi, ndipo mpongozi wanga wanena kawili kuti awatengele kwa telala akawafupikitse. Ndikulemba pano kuti nonse muwelenge, ndi adzukulu omwe: muyezo umenewo anayeza ndi amayi anu. Musawadule.